Njira ya Migolo

Masitepe a pathaveni ya pa Boma analipo asanu ndi awiri. Ndinawawerenga Lachitatu, nditatumidwa ndi abambo, nditaima kutsidya kwa msewu ndikunamizira kukonza lamba wa nsapato. Nditabwerera ndinawauza, iwo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene akudziwa kale. Anati mathaveni onse a kampani yofulula mowa wa masese anamangidwa pa pulani imodzi, kaya ku Kasungu, kaya ku Dedza, kaya konko ku Mzimba kumene tinkakhala. Kumaso kumakhala masitepe, mkati holo ya mabenchi ndi thanki ya mowa, ndipo kuseri kanjira ka simenti kotsetsereka kogubuduzirapo migolo. Anandifunsa ngati kanjirako ndinakaona. Ndinati ndinakaona.

Zoona zake n'zakuti kuseriko sindinafikeko. Ndinaopa kuti wina andiona ndikuzungulira thaveni, ine mwana wamkazi woyimba kwaya. Nkhani imeneyi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi.

Chinali chaka cha 1987, ndipo ndinali nditangolemba mayeso a JC. Abambo, a Bestone, anali kapitawo wa misewu. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ku Mzimba tinali titakhalako zaka zisanu ndi zinayi, moti ine Chitumbuka ndinkachiyankhula ngati mwana wa komweko. Abambo ankangodziwa yewo ndi monire, kapena ndimomwe ndinkaganizira. Zaka ziwiri m'mbuyomo lole ya miyala inagubuduka nawo pochokera ku Edingeni, ndipo kuchokera m'chiuno kutsika mmunsi sanamvenso kanthu. Tsikulo anawanyamula pa chitseko. Kuchipatala ankawanyamula. Kunyumba amayi ankawabereka kumsana popita kuchimbudzi, mbandakucha anthu asanadzuke. Choncho makaniko wina wa ku mishoni atawawotcherera chikuku, mpando wachitsulo wa matayala a njinga, abambo anakhalapo, n'kuyesa matayala onse awiri, kenako n'kunena mawu amene tonse tinawamva.

"Ine ndidzanyamulidwanso kamodzi kokha. Ndipo tsiku limenelo sindidzamva."

Kuyambira pamenepo anaphunzira kukwera ndi kutsika pa chikukucho ndi mikono yokha. Pakhomo pathu anauza anthu aja ankagwira nawo ntchito kuti agwetse sitepe ya pakhonde n'kuthirapo dothi lotsetsereka, iwo akuyeza ndi chingwe.

Mwezi wa Okutobala kalata inabwera yoti tituluke m'nyumba ya boma mwezi usanathe. Amayi anatsogola kupita ku Ntcheu kukafoleretsa nyumba. Tinatsala awiri. Ndi m'masiku amenewo m'mene abambo anayamba kunena za mowa wa m'thanki. Sanali chidakwa ayi. Asanavulale ankapita kuthaveni Loweruka lokha, kukakhala ndi anthu awo a pamsewu, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Atavulala amayi ankawagulira wamasese wa m'paketi, koma iwo ankati umenewo ndi mowa wandende, umanunkha pepala. Wa m'thanki ndiye wamoyo, umapuma, ukayika khutu umamva ukuyankhula. Ankati lole ya kampani imafika Lachinayi. Tsiku loyamba mowawo ndi thobwa la ana, tsiku lachisanu ndi wowawasa ngati bwemba, koma Loweruka umakhala utapsa bwino. Ankafuna kuti asanachoke ku Mzimba akalowe yekha pa matayala ake, akakhale pakati pa amuna anzawo, kandowa ka mowa kakuzungulira, ngati kale.

Wokankha anali ine. Panalibenso wina.

Loweruka abambo anavala suti yawo yotuwa, tayi, ndi baji ya chipani pachifuwa. Nsapato ndinapolisha ine, ndinawaveka ine. Mapazi awo ndi ozizira nthawi zonse, ngakhale kutenthe chotani. Tinanyamuka cha m'ma thuu koloko. Dzuwa linali loswa mtengo, ndipo tayala lakumanzere linkalira pa fumbi moti agalu ankatuluka kudzaona. Ine ndinangoweramitsa mutu. Abambo ankapereka moni kwa aliyense, ankandionetsa ngalande zomwe anakumbitsa, n'kumadandaula kuti sizikukonzedwa. Anali asanayankhule kwambiri chotero chichokereni amayi.

Pa geti panali mnyamata wa malaya ofiira, wa Yufi, akuona makadi a chipani. Abambo anatulutsa awiri, yawo ndi yanga. Mnyamatayo anayang'ana makadi, anayang'ana chikuku, kenako ine, nthawi yaitali, n'kutilola. Abambo anandiuza kuti tizungulire kuseri.

Kanjira ka migolo kanalipo ndithu, kotsetsereka bwino, monga momwe ananenera. Koma pamwamba pake panalibe khomo. Pamene panali chitseko anali atamangapo njerwa mpaka pamwamba, n'kusiya kabowo kokwana mutu wa mwana, momwe munatulukira paipi yakuda. Kampani inali itasiya kubweretsa migolo. Lole inkangobwera ndi thanki yake n'kupopera mowa kudzera pa paipiyo.

Abambo anadzikankha okha kukwera kanjirako mpaka pamwamba. Anakanda simenti ya pakati pa njerwa ndi chikhadabo, n'kuyang'ana chala chawo. Anati simenti imeneyi yatha chaka. Sananditembenukire. Ndinadikira kuti andifunse chomwe ndinaona Lachitatu, koma sanafunse. Anangoti tibwerere kumaso.

Kumasoko kunatuluka a Nason, woyang'anira thaveni, munthu wamfupi waulemu, makiyi ali m'chiuno. Anatsika masitepe onse, anavula chipewa, n'kugwira dzanja la abambo ndi manja awiri. Chichewa chawo chinali chija cha kumeneko, chokoka. Anati akondwa chomene kuwaona a Kapitawo, ndipo awaikira tebulo pansi pa bulugamu, awabweretsera mapaketi ozizira. Abambo anathokoza, nati paketi ali nayo kunyumba. Anapempha kuti ngati n'kotheka kandowa kamodzi ka m'thanki katuluke, anthu awo atulukenso, akhale onse pamthunzi. A Nason anapotokola makiyi aja. Anati lamulo la laisensi silola, mowa wa m'thanki sudumpha khomo, mbwenu akangomva akuluakulu ntchito yatha. Ponena zimenezi ankayang'ana kugeti.

Abambo anayang'ana masitepe aja ndi diso lawo la ntchito. Anati ndi ataliatali mopanda chifukwa, ndipo amene anatseka khomo la kuseri sanaganize. Ananena mosakweza mawu, koma wa malaya ofiira uja anali atasendera pafupi.

"Pulani imeneyi inavomerezedwa ndi boma, madala. Ndiye mukuti analakwitsa ndani?"

Anthu amene anali pakhonde anatembenukira kwa ife. Mkati wailesi inkapitiriza nyimbo za amayi a chipani.

"Palibe, mwanangu," anatero abambo. "Inalakwitsa ndi miyendo yangayi."

Mnyamatayo anaseka pang'ono n'kubwerera kugeti. Apo n'kuti a Chikomeni atamva kuti kunja kuli a Kapitawo. Iwowa anagwira ntchito pansi pa abambo zaka zonse zija, ndipo ndi amene anawasolola pansi pa lole. Anatuluka akuthamanga, thovu lili kundevu, akuitana adada, adada. Anagwada pafumbi n'kugwira tayala la chikuku ngati akugwira mwendo wa munthu. Abambo anamwetulira koyamba chichokereni kuseri kuja. Anawafotokozera zochita. Pakufunika matabwa awiri a mafiti khumi ndi awiri, okhuthala, ndi chingwe. Matabwa agone pa masitepe, amuna awiri akoke chingwe pamwamba, iwo azikankha matayala. Anati kumeneko si kunyamulidwa, ndi kukwera mtunda. A Chikomeni anati yewo, yewo adada, n'kutuma munthu kwa kalipentala wa kuseri kwa msika.

Ndiye tinayamba kudikira.

Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Mwina siinakwane ola. Abambo anali pamthunzi, anthu akutuluka mmodzimmodzi kudzawapatsa moni. Ine ndinaima kumbuyo kwa chikuku, manja ali pa zogwirira, osadziwa koyang'ana. Pakhonde amuna awiri ankandinena m'Chitumbuka, poyesa kuti sindikumva. Wina anafunsa ngati a Nason alemba mtsikana watsopano. Mnzake anati akadali mwana, koma pofika Khirisimasi akhala atapsa ngati wa m'thanki.

Kenako kutsidya kwa msewu ndinaona a Scholastica, aphunzitsi athu amene ankayang'aniranso kwaya, akuchokera kumsika ndi dengu. Ndi iwo amene analonjeza kundilembera kalata ya khalidwe yokapereka kusukulu ya ku Ntcheu. Anaima. Anaika dzanja pamphumi kutchinga dzuwa. Mwina ankangofuna kuona ngati ndi abambo. Mwina akanaoloka n'kudzapereka moni. Sindinadikire kuti ndidziwe. Ndinkangofuna kuchoka pamenepo, kuti abambo alowe, amwe, tizipita.

Ndinasendera kwa a Chikomeni, amene anaima pafupi ndi chikuku, n'kuwanong'oneza m'Chitumbuka. Ndinati adada atopa ndi dzuwa, matabwa achedwa, ndipo andiuza kuti angonyamulidwa, koma akuchita manyazi kupempha okha. Ndinati akakana musamvere, ndi ulemu chabe.

A Chikomeni anadzimenya pachifuwa, kudziimba mlandu kuti sanaganize okha. Anaitana anzawo atatu. Chikuku chinali cholemera ndiponso chosagwirika bwino, ndiye anatsitsa benchi. Abambo ataona benchiyo anakweza dzanja, nati ayi, tidikire matabwa. Amuna aja anaseka mwachikondi. Kwathu ngakhalenso ku Mzimba mlendo amayamba wakana chakudya, mwininyumba n'kumukakamiza, ndiye anaona ngati ndi zomwezo. Abambo ananenanso, mokweza tsopano, kuti asiyeni. A Chikomeni anati palije kanthu adada, ndife wana winu. Anawagwira m'khwapa, wina anagwira miyendo.

Abambo sangakhale tsonga popanda chotsamira. Choncho anawagoneka chagada pabenchipo, n'kuikweza pamapewa, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Miyendo ndiyo inatsogola. Abambo anagwira chipewa chawo pachifuwa ndi manja onse awiri kuti chisagwe. Suti yotuwa, tayi, nsapato zowala. Pa sitepe yachitatu nsapato imodzi inavuka n'kugubuduka mpaka pamapazi anga.

Mdala wina woledzera amene anakhala pakhomo anaimirira mwapang'onopang'ono, n'kuvula chipewa, n'kuweramitsa mutu. Anthu anaseka. Wina mkatimo anayambitsa nyimbo ija imayimbidwa ponyamula bokosi kupita kumanda, ndipo holo yonse inailandira. Anaiyimba bwino, ndi mabesi omwe, kuposa momwe timayimbira ife kutchalitchi. Wina anafuula kuti adzukulu apatsidwe mowa, agwira ntchito. Sankanyoza ayi. Ndikudziwa kuti sankanyoza. Anali okondwa kuti a Kapitawo abweranso, ndipo onyamula aja anayamba kuyenda pang'onopang'ono motsatira nyimboyo, akuseka.

Nditacheuka kutsidya kwa msewu, a Scholastica anali atapita kale.

Ndinatola nsapato ija. Ndinakwera masitepe n'kuima pambali pa chitseko, poti ndinalibenso china chochita. M'holomo munali mdima ndi fungo la masese ndi fodya. Anali atawakhazika pakona, msana utatsamira khoma, pansi pa chithunzi chija cha Pulezidenti chinkakhala pamalo aliwonse. Tayi inali itapita kuphewa. Phazi lopanda nsapato linapindikira mkati, sokosi itabooka pachala, ndipo palibe amene analiwongola. A Nason anatunga okha kuthanki, kandowa kodzaza mpaka thovu kusefukira. Anayamba alawa iwo, monga amachitira wopereka mowa, n'kupukuta m'mphepete ndi chikhatho, n'kupereka ndi manja awiri.

Abambo analandira. Anakayang'ana kandowako nthawi yaitali. Thovu linkaphulika pang'onopang'ono, ndipo ndinaganiza kuti mwina aikapo khutu monga ankanenera. Anamwa kamodzi, pang'ono. Anati wapsa bwino, yewo. Anapatsira a Chikomeni. Kandowa katazungulira n'kubweranso, anangokadutsitsa osayikapo mlomo. Anthu ankawakumbutsa za mlatho wina umene unakokoloka katatu, za mzungu wina amene anagwera m'ngalande, iwo ankangoti ee, ee. Kuseka kunayamba kuchepa. A Chikomeni ankawayang'ana, kenako n'kuyang'ana kukhomo kumene ndinaima ine.

Posakhalitsa abambo anati basi, akupita. Amuna anayi aja anaimirira, wina n'kuyamba kukoka benchi.

"Asandikhudze munthu."

Anali mawu aja a pamsewu, amene ndinali ndisanawamve zaka ziwiri. Onse anaima pomwe anali. Abambo anavala chipewa. Anagwira m'mphepete mwa benchi n'kudzitsitsira pansi. Pansipo panali ponyowa, mowa wotayika wosakanikirana ndi fumbi ndi zotsalira za ndudu. Anayamba kudzikoka chobwerera m'mbuyo, manja kaye kenako thupi, miyendo ikukwekwereka. Anthu anachotsa mapazi awo m'njira. A Nason anathamanga kukazimitsa wailesi, kenako anakumbukira kuti ikamaimba za chipani siizimitsidwa, n'kuisiya.

Pakhomo anatembenuka. Anatenga mwendo umodzi ndi manja n'kuuika pa sitepe ya mmunsi, kenako winawo, kenako n'kudzitsitsa. Sitepe iliyonse chimodzimodzi. Ine ndinatsogola n'kukagwira chikuku kuti chisasunthe. Sindinkafuna kuyang'ana koma ndinayang'ana. Pa sitepe yachisanu anapumira, thukuta likugwera pa tayi. A Chikomeni anatsika nawo pambali, manja atatambasula koma osakhudza, misozi ikuyenderera m'ndevu. Ngakhale wa malaya ofiira uja anayang'ana kumbali.

Ali pa sitepe yomaliza, munthu wotumidwa uja analowa pageti, matabwa awiri ali paphewa, chingwe chili m'khosi. Anafunsa kuti awaike pati.

Abambo anadzikweza pa chikuku monga amachitira kunyumba. Ndinagwada n'kuwaveka nsapato. Thalauzi inali itada kumbuyo konse, ndipo zikhatho zinali zitasupuka. Anakweza chipewa kwa a Nason ndi kwa a Chikomeni, ndipo tinatuluka.

Tinadutsa msika, tinadutsa positi ofesi, tayala likulira. Sananene za ngalande. Titafika pamtunda wa kufupi ndi kwathu ndinamva chikuku chikulemera, ndipo ndinazindikira kuti sakukankha nawo matayala monga ankachitira popita. Manja anali pamiyendo, zikhatho kumwamba. Anayankhula osatembenuka.

"Chitumbuka ndimamva, Filo. Kuyankhula ndiye kumandivuta."

Ndinafuna kuyankha. Ndinali ndi mawu ambiri, a Scholastica, amuna a pakhonde aja, kalata. Onse anali aang'ono. Ndinangokankha.

Suti ndinaichapa madzulo omwewo, koma fungo la masese silinachoke, ndipo pabondo panatsala chibowo. Sanaivalenso. Kalata ya khalidwe a Scholastica anandilembera, yabwino kwambiri. Anati ndine mwana wosamala makolo. Pondipatsa anandiuza kuti anandiona tsiku lija ndikukankha abambo padzuwa, ndipo zinawakhudza mtima.

Tsiku losamuka kunabwera lole yaitali, ndipo ine usiku wonse ndinali ndikuganiza kuti abambo akwera bwanji. Koma mmawa a Chikomeni anafika ndi matabwa awiri aja ndi chingwe. Sindikudziwa kuti anapangana liti. Abambo anayeza okha potsetsereka, anauza anthu poima, ndipo anakwera bwinobwino, akukankha matayala, a Chikomeni akukoka. Panafunika munthu woti agwire matabwa mmunsi kuti asaterereke. Ndinali nditaima pomwepo, ndipo ndinawerama kuti ndigwire. Abambo anaitana dalaivala kuti adzagwire iyeyo. Ine anandiuza kuti ndikaone nkhuku ngati zamangidwa bwino.

Kuno ku Ntcheu sanandikalipirepo. Amandiitana Filo monga kale, ndimawaveka nsapato monga kale. Mayeso ndinakhoza ndipo anandigwira dzanja. Kungoti akafuna kudziwa kanthu, kaya mtsinje wadzaza, kaya njira ya kutchalitchi ili ndi matope, amatuma munthu wina. Ngakhale ndikhale kuti ndachokera komweko, ndanena kale, amamvetsera mpaka ndimalize, n'kugwedeza mutu, kenako n'kuitana amayi kuti apite akaone.